Kudzutsa Laputopu Yakale Pokonza Nthambo Yake

Aphunzitsi ndi ana asukulu nonse a m'boma la Rufunsa, kuyambira kwa Mfumu Bunda Bunda kufikira kwa Mfumu Mpanshya ndi kwa Mfumu Shikabeta, lero tikamba za laputopu yakale imene yaleka kuyaka.

Kuyambira pamene Boma linakonzanso maphunziro mu 2013, mwana wa m'Zambia ayenera kudziwa kompyuta. Koma m'sukulu za kumidzi makinawa ndi ochepa. Laputopu imodzi ikafa, kalasi yonse imaonera kompyuta pa bolodi, ndipo ulendo wokakonzetsa ku Lusaka ndi wa makilomita pafupifupi 150. Komatu kawirikawiri chimene chafa si kompyuta ayi, koma nthambo yake.

Magetsi a ZESCO amafika pa soketi ali ndi mavolti 230. Laputopu siingathe kulandira mphamvu yotere. N'chifukwa chake pakati pa nthambo pali kabokosi, kamene timati chaja. Kabokosika kamatsitsa mphamvuyo kufika pa mavolti 19 kapena 20, ndi kuwongola magetsiwo kuti aziyenda njira imodzi monga a m'batire. Kuchokera m'kabokosi, magetsi amadzera m'mawaya awiri a mkuwa kufikira ku kamutu kolowa m'laputopu. Pa machaja ambiri, m'kati mwa kamutuko ndi + ndipo kunja kwake ndi −.

Nthambo imaduka pamalo pamene imapindika tsiku ndi tsiku: pakhosi pa kamutu ndi potulukira m'kabokosi. Mphunzitsi ayambe waona fyuzi ya m'pulagi ya kukhoma. Kenaka ayese kamutu ndi chipangizo choyezera magetsi chotchedwa multimeter. Ngati nambala ikubwera ndi kuchoka pamene akugwedeza nthambo, ndiye kuti waya waduka m'kati.

Pokonza, azule pulagi kukhoma. Adule pamalo powonongekapo, asende mawaya, alumikize uliwonse ndi mnzake ndi kuwotcherera ndi mtovu. Waya aliyense akulungidwe ndi tepi payekha, pakuti awiriwo akakhudzana chaja chingathe kupsa. Ngati kamutu kasweka, angathe kudula kena kofanana nako pa chaja chakufa.

Asanalowetse m'laputopu, akumbukire malamulo atatu. Loyamba, mavolti afanane ndi amene alembedwa kunsi kwa laputopu. Lachiwiri, maampu a chaja angapose amene laputopu ifuna, koma asachepere. Ana a Giredi 7, yesani samu iyi: mavolti 19 kuchulukitsa ndi maampu 3.42 atipatsa mawati pafupifupi 65. Lachitatu, + ndi − asasinthanitsidwe, chifukwa kulakwa kumeneku kungathe kuwotcha laputopu nthawi yomweyo. Yezani kawiri musanayatse.

Dziwaninso kuti machaja ambiri a Dell ndi HP ali ndi waya wachitatu wopita ku kansinga ka pakati pa kamutu. Waya ameneyu amauza laputopu mtundu wa chaja. Akasiyidwa, laputopu ingathe kukana kudzaza batire.

Chilala cha 2024 chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi nakhala akuzima maola ambiri, ndipo anthu ochuluka anatembenukira ku sola. Batire la sola la mavolti 12 silikwanira laputopu ya mavolti 19. Pafunika inveta, kapena chaja cha m'galimoto chimene chimakweza mavolti.

Tsopano mverani, ana inu. Ntchito iyi ndi ya akuluakulu. Yanu ndi kupenya ndi kuphunzira. Musalowetse mawaya osenda m'soketi ndi kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, pakuti mavolti 230 amapha. Kabokosi ka chaja kasatsegulidwe, chifukwa kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Mukaona batire la laputopu latupa, musaliboole kapena kuliponya pamoto, uzani aphunzitsi. Ndipo pozula chaja gwirani kamutu, osakoka nthambo, ndipo poisunga muipinde momasuka.

Aphunzitsi, jambulani chaja pa bolodi, ana alembe maina a zigawo zake. Kenaka ayankhe mafunso awa. Kodi kabokosi ka chaja kamagwira ntchito yanji? Kodi nthambo imaduka pati kawirikawiri? Tchulani malamulo atatu aja.