Dambo la Chilwa ndi Ntchito Yake

Mvula yogwa paphiri la Mulanje imatsika njira ziwiri. Ina imatsata mtsinje wa Thuchila kukalowa mu Ruo, amene amathira mu Shire ku Chiromo. Ina imatsata mitsinje ya Phalombe ndi Sombani kumka kumpoto, kunyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Dzuwa ndilo limamwa madziwo, mchere n'kutsala. Ichi ndicho chifukwa chake madzi a Chilwa ali ndi kamchere, ngakhale dziko lathu lili kutali ndi nyanja yaikulu.

Munthu wofuna kuona dambo lozinga nyanjayi apite m'chilimwe, nthaka itauma. Ulendo wake ngwosatopetsa, pakuti kulibe chitunda. Poyamba adzapyola msipu wa ng'ombe ndi minda ya mpunga. Kenaka adzafika pa njedza zowirira, pamene akakowa ndi atsekwe amafuna chakudya. Koma asaponde madzi oima, kuopa likodzo.

Kodi dambo lotere lili ndi phindu lanji? Choyamba, ndi nkhokwe ya madzi: limalandira madzi osefukira m'dzinja ndi kuwasunga kufikira chilimwe. Chachiwiri, njedza zimatsekereza matope ochokera m'minda yakumtunda, kuti asakwirire nyanja. Chachitatu, m'menemo ndimo nsomba zimaswana ndi kubisa ana awo. Matemba, makumba ndi milamba imene amayi amagula pamsika ku Thuchila, yambiri ndi mphatso ya dambo.

Chilwa adaphwa m'chaka cha 1968, ndiponso mu 1995 ndi mu 2018. Nsomba zimene zidapulumuka ndi zija zidathawira m'maiwe a mitsinje ndi m'zithaphwi za m'dambo. Madzi atabwerera, izo ndizo zidadzazanso nyanja. Pozindikira zimenezi, mu 1996 Chilwa adalembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo a padziko lonse, ndipo anali malo oyamba m'Malawi kulembedwa motero.

Akuluakulu adati, madzi saiwala khwawa. Tikatentha njedza ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, madziwo adzabwera ndithu, koma adzasowa pokhala, nadzalowa m'midzi. Tsono inu amene mukuphunzira uphunzitsi, tengani ana kudambo la kwanu, muwafunse maina a udzu, mbalame ndi nsomba m'chinenero chawo, ndipo awalembe. Mwana wodziwa dzina la chinthu sachiwononga msanga.