Kachipewa ka pa "ŵ" kakasochera mu imelo

Malo ogona alendo ku Chembe, Monkey Bay ndi Nkopola masiku ano amadalira imelo kuti adziwe amene akubwera. Koma nthawi zina pamutu pa kalata pamaoneka zachilendo: pomwe panayenera kulembedwa Malaŵi pamatuluka MalaÅµi, mwinanso =?UTF-8?Q?Mala=C5=B5i?=. Wolandira alendo amathamangira kunena kuti kompyuta yalowa vairasi. Ayi ndithu, mlandu uli pa kachipewa ka pa w.

Imelo inayamba ndi ASCII, ndandanda ya zizindikiro 128 yomwe inakonzedwa ku America mu 1963. Mmenemo mulibe ŵ, chilembo chomwe Ayao a ku Mangochi sangachisiye polemba mawu ngati ŵandu. Mulibenso ü wa m'dzina la mlendo wochokera ku Germany, ngakhale zilembo za Chiarabu zimene ana amaphunzira ku madrasa.

Njira yotumizira zilembo zoterezi pamutu pa kalata, imene ikugwira ntchito mpaka lero, inalongosoledwa ndi Keith Moore m'chikalata cha RFC 2047 cha mu 1996. Chilembo chachilendo chimavekedwa zovala za ASCII paulendo wokha. Mu UTF-8, njira yolembera zilembo m'kompyuta, ŵ ndi mabayiti awiri, C5 ndi B5. Pulogalamu yotumiza imawalemba =C5=B5, nkuwatsekera pakati pa =? ndi ?=, ndipo chidutswa chilichonse sichipitirira zizindikiro 75. Kalata ikafika, pulogalamu yolandira imamasula, ŵ nkuonekanso.

Zimasokonekera posunga. Pulogalamu yosungira maina a alendo ikalowetsa mutu wa kalata mu database osaumasula, munthu wofufuza mawu oti Malaŵi sapeza kanthu. Pulogalamu ya database ya MySQL nayo, mpaka pomwe mtundu wa 8.0 unatuluka mu 2018, inkangoyambira pa ndandanda ya zizindikiro ya latin1 ngati woikonza sanasinthe, ndipo mmenemo ŵ amasanduka chizindikiro chofunsira, kapena mabayiti ake awiri aja amawerengedwa ngati zilembo ziwiri, Å ndi µ. Odziwa ntchito amasunga dzina mu UTF-8 momwe mwini wake amalilembera, ndipo amalisandutsa kukhala ASCII pokhapokha kalata ikamatumizidwa. Akalisandutsa kawiri, wolandira amangoona manambala.

Ambiri anangotaya chipewacho nkumalemba Malawi, ngati kuti vuto ndi chilembo, pomwe wolakwa ndi pulogalamu. Chikalata cha RFC 6532 cha mu 2012 chinaloleza UTF-8 kulowa pamutu pa imelo mwachindunji, kungoti si maseva onse amene anayamba kuchitsatira.