MAPEPALA AKALE A M'ZIPATALA: MOTO USAYAKE ASANASANKHIDWE

KATETE — Munthu akacira ndi kutulutsidwa m'cipatala amamanga bulangete lake, mbale zake ndi mankhwala amene wapatsidwa, nauyamba ulendo wobwerera kumudzi. Koma pali cinthu cimodzi cimene amacisiya m'mbuyo, ndico pepala limene dokotala ndi anamwino analembapo za matenda ake. Mwini wake angathe kuliiwala, kukalamba ngakhale kumwalira, koma pepalalo limakhalabe pa shelefu, ndipo tsiku liri lonse limalandira anzake ena.

M'dera lino la Mkaika mapepala otere akhala akuunjikana kwa nthawi yaitali ndithu. Cipatala ca St Francis ku Katete, cimene ciri ndi mabedi opitirira 300, cinayambidwa m'caka ca 1948 ndi wansembe wa Anglican amene analinso dokotala, Bambo Francis Trefusis. Dokotala James Cairns yekha anatumikirapo kuyambira 1958 kufikira 1996, ndipo odwala amene anapita m'manja mwake sangawerengeke pamtima. Ku Sinda kuli cipatala ca mishoni ca Nyanje ca Reformed Church in Zambia, ndiponso m'maboma onse atatu a Katete, Sinda ndi Vubwi muli zipatala zazing'ono za kumidzi, ciri conse ndi makadi ake ndi mabuku ake a kaundula. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, koma mapepala a anthu ake ambiri ndi akale kupambana mabomawo.

Mulu unakula mofulumira kuyambira pamene matenda a Edzi anapezeka m'Zambia mu 1984, makamakanso pamene Boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere ca m'ma 2005. Munthu wa malungo amabwera kamodzi kapena kawiri nacira, koma wolandira ma ARV amabwera moyo wake wonse, ndipo faelo yake imanenepa caka ndi caka. Kuwerengera kwake sikuvuta. Cipatala caching'ono cotsegula mafaelo atsopano 20 pa tsiku, masiku 300 pa caka, cimakhala ndi mafaelo 6,000 caka cikamatha, ndipo pa zaka khumi amakwana 60,000. Cipinda cosungiramo sicikula nawo ai.

Pamene mashelefu adzaza, mafaelo amalowa m'makatoni, makatoni nakhala pansi, ndipo pansipo ndi pamene ciswe, makoswe ndi cinyontho ca m'dzinja zimawapeza. Kalaliki amataya nthawi kufunafuna faelo ya wodwala amene ali pa mzere pakati pa mafaelo a anthu amene sanaonekenso kwa zaka makumi awiri. Motero palibe wotsutsa kuti mapepala ena ayenera kucotsedwa. Nkhani yagona pa kusankha, pakuti cimene moto wadya sicingaitanitsidwenso ku Lusaka.

LAMULO LIKUTI CIANI

Mkulu wa cipatala alibe mphamvu yolamula yekha kuti mapepala atenthedwe. Lamulo la National Archives Act la 1969 limanena kuti zolembedwa za Boma sizingaonongedwe popanda cilolezo ca mkulu wa nyumba yosungira zolembedwa za dziko, imene likulu lake liri ku Lusaka. Akatswiri a nyumbayi ndiwo amaona ngati zolembedwazo zatha nchito, kapena ngati ziri ndi mbiri yoyenera kusungidwa mpaka muyaya. Zipatala za mishoni, zimene zimagwira nchito pamodzi ndi Boma kupyolera m'bungwe la Churches Health Association of Zambia, ziri ndi enanso ofunika kufunsidwa, ndiwo machalichi eni ake.

Lamulo lina, la Data Protection Act la 2021, limakokera mbali inayo. Ilo limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kutetezedwa kwambiri, ndipo silifuna kuti zisungidwe cisungiresungire pamene nchito imene zinalembedwera inatha kale. Tsono cipatala ciri pakati pa malamulo awiri: lina likuletsa kuononga mwaufulu, lina likuletsa kusunga mosasamala. Njira yokhutiritsa onse awiri ndiyo kukhala ndi ndandanda yolembedwa, yonena mtundu uli wonse wa pepala ndi zaka zimene uyenera kukhala.

MAPEPALA SALI OFANANA

Colakwa cacikuru cimene cingacitike ndico kuyesa mapepala onse ndi muyeso umodzi, kunena kuti ciri conse copitirira zaka khumi cipite kumoto. Kadi ya munthu wamkulu amene anabwera ndi cimfine mu 1995 ndi kucira iribenso nchito. Koma buku la m'cipinda cocilira amai la caka comweco ndi cinthu cina kotheratu.

M'bukumo azamba amalemba dzina la mai, mudzi wake, tsiku ndi ola limene mwana anabadwa, kulemera kwake, ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Lamulo lakuti mwana ali yense alembedwe m'kaundula wa Boma liripo kuyambira 1973, koma kufufuza kwa za umoyo kwa dziko lonse kwa mu 2018 kunapeza kuti pa ana 100 osakwana zaka zisanu, olembedwa anali pafupifupi 14 cabe, ndipo kumidzi anali ocepa kuposa pamenepo. Kwa anthu ambiri a m'midzi ya kuno, kadi ya ku sikelo ndiyo inali ciphaso ca kubadwa, ndipo kadiyo ikapsa pamodzi ndi nyumba ya udzu kapena ikanyowa ndi mvula, umboni wotsala ndi mzere umodzi wa m'buku la azamba.

Mzere umenewu umafunika pa nthawi zimene munthu sayembekezera. Umafunika pamene mnyamata wafika zaka 16 ndipo afuna citupa ca NRC, makamaka m'dera la m'malire monga lino, kumene Vubwi wayandikana ndi Malawi ndi Mozambique. Kuno mabanja ali ndi abale mbali zonse zitatu, ndipo funso lakuti munthu anabadwira kuti limakhala lolemera. Umafunika pa khoti pamene pali mlandu wokwatitsa kapena kugona mwana wamng'ono, woimbidwa mlandu nkumanena kuti mtsikanayo ndi wamkulu. Umafunikanso pamene wanchito akukangana ndi omlemba za caka cake copumira. Cifukwa ca ici mabuku a ocira, mabuku a imfa ndi mabuku a m'cipinda ca opaleshoni sayenera kuyandikira moto konse. Ngati malo asowa, apite ku nyumba yosungira zolembedwa za dziko.

Pali mapepala enanso amene amadikira mlandu. Munthu amene akuona kuti anapwetekedwa cifukwa ca kusasamala ali ndi zaka zitatu zokasuma ku khoti, koma kwa mwana nthawiyi ingathe kukhala yotalikirapo. Faelo ya mwana amene anavulala pobadwa ingafunike patapita zaka makumi awiri, ndipo imateteza mbali zonse ziwiri: banja lodandaula, ndiponso namwino kapena dokotala amene anagwira nchito yake bwino koma alibe comuikira umboni.

Matenda a m'migodi nawo amabisala nthawi yaitali. Amuna ambiri a cigawo ca Kum'mawa anagwira nchito ku migodi ya Copperbelt, ndipo fumbi la miyala limene analipuma limaononga mapapu pang'onopang'ono, nkudzaonekera munthu ali kale kumudzi. Ku South Africa makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golidi anavomera mu 2018 kupereka R5 biliyoni monga cipukuta misozi kwa odwala matenda a fumbi ndi cifuwa cacikuru ca TB, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust limalandira madandaulo a amene anagwira nchito kuyambira pa 12 March 1965 kufikira pa 10 December 2019, kuphatikizapo a ku Malawi ndi Mozambique. Mkazi wamasiye wofuna ndalamazi ayenera kusonyeza cimene cinapha mwamuna wake. Kawirikawiri yankho liri m'faelo yakale ya ku cipatala kumene malemuyo anagonekedwa komaliza.

Maiko ena anaika kale zaka zake. Ku England faelo ya munthu wamkulu imasungidwa zaka 8 kucokera pamene anathandizidwa komaliza, ya amai ocira zaka 25, ndipo ya mwana kufikira atakwanitsa zaka 25. Ku South Africa bungwe loyang'anira madokotala limati zaka zisacepere 6, ndipo ya mwana ikhale kufikira atafika zaka 21. Ziwerengerozi si lamulo la Zambia, koma zikusonyeza kuti amai ndi ana amapatsidwa nthawi yaitali kuli konse. Ku Britain komweko, bwalo lofufuza za magazi oipa amene anapatsira anthu oposa 30,000 kacilombo ka HIV kapena matenda a ciwindi m'zaka za 1970 ndi 1980 linanena mu May 2024 kuti kutayika ndi kuonongedwa kwa zolembedwa kunavutitsa odwala ambiri pofuna kutsimikiza zimene zinawacitikira. Ngati dziko lolemera linaphunthwa pamenepa, la kuno liyenera kupondapo mosamala.

KAKONZEDWE KA NCHITO

Nchito yotere siyenera kusiyidwa kwa kalaliki mmodzi ndi anyamata a ganyu. Pafunika kabungwe kokhala ndi dokotala kapena wothandiza dokotala, namwino wamkulu, woyang'anira zolembedwa ndi woimira ofesi ya za umoyo ya pa boma. Coyamba ndi kulemba zonse zimene ziri m'cipindamo, mtundu ndi zaka zake, cinthu cisanasunthidwe.

Zaka za faelo ziwerengedwe kucokera pa tsiku limene mwini wake anabwera komaliza, osati pa tsiku limene inatsegulidwa. Faelo yotsegulidwa mu 1990 ingakhale ya nkhalamba imene inabwera mwezi watha kudzatenga mankhwala a BP. Apanso pafunika maso, pakuti m'dera lino a Banda, a Phiri, a Mwale ndi a Tembo ndi oculuka, ndipo anthu awiri a dzina limodzi ndi mudzi umodzi si cinthu cacilendo. Wolandira ma ARV amene analeka kubwera asayesedwe womwalira popanda umboni. Mwina anapita kukagwira nchito ku Lusaka kapena kuoloka malire, ndipo akabwerera dokotala adzafuna kudziwa mankhwala amene anayamba nawo ndi amene anamkana. Cimodzimodzinso wa TB, pakuti wodwala kaciwiri amafunika kupimidwa mwapadera ngati matendawo ayamba kukana mankhwala.

Mafaelo osankhidwa kuti acotsedwe alembedwe m'buku limodzi: nambala, dzina, mudzi, caka comaliza ndi matenda akuru amene anapezeka. Buku limeneli ndilo limatsala, ndipo ndilo limatumizidwa popempha cilolezo. Cilolezo cisanafike, faelo iri yonse yokhudzidwa ndi mlandu wa ku khoti, kufufuza kwa apolisi kapena dandaulo losamalizidwa ipatulidwe, ngakhale zaka zake zitakwana.

Nkwabwinonso kuti anthu auzidwe kukali nthawi, kupyolera mwa mafumu monga a Mbang'ombe, a Kawaza, a Nyanje ndi a Pembamoyo pamodzi ndi manyakwawa ao, m'machalichi ndi pa wailesi za m'dera, kuti wofuna kalata yocokera m'faelo yake kapena ya malemu wake abwere asanacedwe. Mwezi wa August, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, uthenga wotere ungathe kufika kutsidya kwa malire, kumene kuli ena mwa eni mafaelowo.

Kuononga kweni kweni kucitike m'ng'anjo ya cipatala kapena ndi makina onyenyera mapepala, mboni ziwiri zikuona ndi kusaina. Kuotcha pa dzala sikukwanira, cifukwa mulu wa mapepala umapsa kunja kokha, mkati nkutsala mowerengeka, ndipo mphepo ya cilimwe imanyamula zotsalazo. Kugulitsa kapena kupatsa anthu nkoletsedwa kotheratu. Pepala lonena kuti uje ali ndi kacilombo likakapezeka pa msika litakulungira zitumbuwa kapena kapenta, lingathe kupasula banja, ndipo anthu a m'mudzimo angaope kukapimitsa. Zithunzi za X-ray zisalowe m'moto pamodzi ndi mapepala, popeza utsi wake ndi woipa. Izo zimapatulidwa paokha.

NANGA KOMPYUTA

Ena amati nkhaniyi idzatha yokha cifukwa ca SmartCare, njira yosungira mbiri ya odwala m'kompyuta imene Unduna wa Za Umoyo unayamba ca pakati pa zaka za 2000 mothandizidwa ndi bungwe la CDC la ku America. Nzoona kuti njirayi yathandiza, makamaka kwa olandira ma ARV. Koma kompyuta imadziwa zokhazo zimene zinalowetsedwamo, ndipo buku la azamba la 1968 silinalowemo. Ndiponso cilala ca 2024, cimene cinacepetsa madzi ku Kariba ndi kuzimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, cinasonyeza kuti pepala ndi colembera zikali zofunika pamene makina ali cete.

Kujambula mapepala akale ndi kuwasunga m'kompyuta nkotheka, koma kumafuna ndalama, anthu ndi nthawi, ndipo palibe cipatala cimene cingajambule zonse. Oyamba kujambulidwa akhale mabuku a ocira ndi a imfa, kuyambira akale kwambiri amene inki yao yayamba kufufutika, ndipo zithunzizo zisungidwe malo awiri osiyana. Pepala leni leni lisaonongedwe kufikira munthu wina atatsegula cithunzico ndi kuona kuti dzina, mudzi ndi tsiku zikuwerengeka.