KAMZERE KOZIRALA PA CIPIMO CA HIV MUSAKANYOZE

Wolemba: Mtolankhani Wathu

MUNTHU wokhala m'dera la mfumu Shikabeta, m'boma la Rufunsa, akaganiza zopita ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya amayamba wayang'ana kumwamba. M'nyengo ya dzinja mitsinje imadzala, njira zimaterera, ndipo ulendo umene m'cilimwe ndi wa maola ocepa umasanduka wa tsiku lathunthu. Kumunda nako udzu sudikira munthu. N'cifukwa cake kacipimo kodzipimira HIV munthu ali panyumba pake kali ndi phindu lalikuru kuno kuposa kwa anzathu a ku Matero kapena ku Chilenje, amene kiliniki iri pafupi ndi khomo lao.

Koma kacipimoka kali ndi malire ake, makamaka kwa anthu amene akumwa mankhwala oteteza ku kalombo ka HIV, ochedwa PrEP. Amenewa ndi mapilitsi amene munthu wopanda kalombo amamwa tsiku ndi tsiku kuti kalomboko kakafuna kulowa m'thupi kapeze pakhomo potseka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawabvomereza mu 2015, ndipo Unduna wa za Umoyo umawapereka m'zipatala. Amathandiza mai amene mwamuna wake ali ndi kalombo koma wangoyamba kumene ma ARV, mnyamata wokumba golide amene amakhala miyezi yambiri kutali ndi banja lake, ndiponso woyendetsa lole wa mu mseu wa Great East Road amene amagona malo osiyanasiyana. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti m'Zambia anthu 11 pa anthu 100 alionse a zaka 15 kunka m'mwamba ali ndi kalomboka, ndi kuti akuluakulu pafupifupi 28,000 anali kukatenga pa caka. Nkhondoyi siinathe ai.

Lamulo la PrEP ndi lakuti womwa mankhwalawa azipimidwa kawirikawiri: asanayambe, patapita mwezi umodzi, ndipo pambuyo pake miyezi itatu iriyonse. Apa ndi pamene kacipimo ka kunyumba kamapeputsa mtolo kwa anthu a kutali ndi cipatala.

Cipimo cimene cimadziwika kwambiri ndi ca m'kamwa cochedwa OraQuick, cimene cinayamba kugawidwa m'Zambia, m'Malawi ndi m'Zimbabwe pansi pa nchito ya STAR yomwe inakhazikitsidwa mu 2015. Sicifuna magazi. Munthu amakhala mphindi 15 osadya kapena kumwa kanthu, ndipo amatenga kamtengo kophwatalala kaja napukuta nako nkhama za kumwamba kamodzi ndi za kumunsi kamodzi. Atatero amakaika m'kabotolo kokhala ndi madzi a mankhwala, nayembekezera mphindi 20. Mphindi 40 zikapitirira, zimene zaoneka pa kacipimoko sizikhulupirikanso. Wochi kapena foni ikhale pafupi, cifukwa nthawi yongoyerekeza ndi dzuwa imanamiza.

Pa kamtengoko pali zilembo ziwiri, C ndi T. Mzere ukaoneka pa C pokha, ndiye kuti cipimo cagwira nchito ndipo sicinapeze cizindikiro ca kalombo. Mzere ukapanda kuoneka pa C, cipimoco caonongeka, munthu atenge cina. Ikaoneka mizere iwiri, pa C ndi pa T, apite msanga ku cipatala kuti akapimidwenso.

Mau akewo ndi osabvuta, koma bvuto limabuka pamene mzere wa pa T uli wozirala, wooneka ngati kamthunzi cabe. Mtima wa munthu umafuna uthenga wabwino, kotero maso nawo amathandizira kunama. Wina amati ndi litsiro, wina amati ndi maso ake otopa, naponya kacipimo m'cimbudzi. Malangizo a cipimoci sapita m'mbali: mzere wa pa T, ungazirale cotani, uwerengedwe kuti ndi mzere. Ine ndionjezepo kuti ndi bwino kudzipima masana pabwalo kapena pafupi ndi zenera, popeza kuwala kwa koloboyi kapena kwa tochi yakutha mabatire kungabise kamzere kamene dzuwa likanakaonetsa.

Kwa munthu wa pa PrEP kamzere kotere n'kofunika kuposa kwa wina aliyense, ndipo cifukwa cake ndi ici. Cipimo ca m'kamwa siciona kalombo kenikeni. Cimaona zida zimene thupi limapanga pofuna kulimbana ndi kalomboko, zimene madokotala amazicha ma antibodies. Ndiye cifukwa cakenso munthu asaganize kuti HIV imafala ndi malobvu poona kuti apima m'kamwa. Thupi limatenga nthawi kuti lipange zidazi, ndipo pa cipimo ca m'kamwa nthawiyo ingafike miyezi itatu. Motero mzere umodzi umene munthu wauona lero sukunena kanthu za zimene zinacitika sabata yatha.

Tsopano tiyerekeze mnyamata wa ku Chinyunyu amene anapita ku migodi ya golide ndi botolo la mapilitsi a mwezi umodzi, koma nakhalako miyezi iwiri. Mapilitsi atatha anagona ndi mkazi wopanda kondomu, ndipo kalombo kanalowa. Pobwerera kumudzi anapeza botolo lina limene anasiya m'sutukesi, nayambanso kumwa osapita ku kiliniki. Mankhwala aja amakapanikiza kalomboko osakathetsa. Popeza kalombo kacepa m'magazi, thupi nalo limacedwa kupanga zida zake, ndipo cipimo cingaonetse mzere umodzi, kapena kamzere kaciwiri kozirala kwambiri. Mnyamatayo amakhala wokondwa, pamene mkazi wake ali pa ngozi.

Pali ngozi inanso imene siioneka msanga. M'piritsi la PrEP muli mankhwala awiri, tenofovir pamodzi ndi emtricitabine kapena lamivudine. Awiriwa amakwana kuteteza munthu wopanda kalombo, koma sakwana kucepetsa mphamvu ya kalombo kamene kakhazikika kale. Wodwala amapatsidwa atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, m'piritsi limodzi limene anthu amalidziwa kuti TLD. Owerenga aona okha kuti maina awiri akubwerezedwa. Munthu akamamwa awiri okha kwa miyezi yambiri kalombo kali m'thupi, kalomboko kangawazolowere, ndipo tsiku limene adzayamba ma ARV adzapeza kuti zina mwa zida zofunika zinabuntha kale. Kupimidwa kwa miyezi itatu iriyonse kunaikidwa kuti kuchinge zimenezi, sikuti anamwino amangofuna kudzaza mabuku ao.

Thupi nalo nthawi zina limacenjeza cipimo cisananene kanthu. Patapita masabata awiri kufikira anai kalombo katalowa, anthu ambiri amatentha thupi, amamva zilonda pakhosi, amaturuka nsungu kapena kutupa mwanabere. Kuno kwathu munthu akatentha thupi amangoti ndi malungo. Wa pa PrEP amene anadumphitsa mapilitsi, akadwala motere, apite ku cipatala ngakhale cipimo ca kunyumba citaonetsa mzere umodzi, ndipo anene poyera kuti amamwa PrEP. Ngati wazindikira kuti anali pa ngozi maola 72 asanathe, pali mankhwala ena ochedwa PEP, akumwa masiku 28, amene angamupulumutse.

Nanga mizere iwiri ikaoneka? Sindiye kuti mlandu watha. Cipimo ca kunyumba cimangolozera, ndipo nthawi zina cimaonetsa mizere iwiri kwa munthu wopanda kalombo. Ku cipatala amapima magazi a pa cala ndi zipimo zosiyana, ndipo zikapanda kugwirizana amamuuza munthu tsiku lobweranso, kapena amatumiza magazi kuti akafufuze kalombo kenikeniko. Zakuti apitirize PrEP kapena ayambe ma ARV ndi za anamwino ndi madokotala. Munthu asakatenge ma ARV a mbale wake, ndipo masiku oyembekezerawo agwiritse nchito kondomu.

Ena amva za nyeleti yoteteza. Mu February 2024 dziko la Zambia linayamba kupereka nyeleti ya cabotegravir, yolasa miyezi iwiri iriyonse, ndipo mwambo woyambitsa unacitikira ku Chibombo. Kumapeto kwa 2025 kunafikanso lenacapavir, yolasa kawiri pa caka. Wolandira nyeleti amapimidwa ku kiliniki asanalasidwe, ndipo cipimo ca kunyumba sicilowa m'malo mwa kupimidwa kumeneko. Mankhwala a nyeleti amakhalitsa m'thupi, mwina caka cathunthu munthu atasiya, ali ocepa kuti amuteteze koma okwana kucedwetsa cizindikiro pa cipimo. Amene wasiya nyeleti asasiye kupimidwa.

Cenjezo lina lipite kwa abale athu amene ali kale pa ma ARV. Cipimo ca kunyumba si canu. Mankhwala akagwira bwino nchito cipimoci cingaonetse mzere umodzi, ndipo munthu angaganize kuti wacira, mwina nathokoza sing'anga kapena mapemphero, nasiya mankhwala. Kalombo kamakhala kalipo ndithu, ndipo mankhwala akasiyidwa kamadzukanso. M'banja namo, zotsatira za mkazi si za mwamuna. Mai angathe kutengera mwamuna wake kacipimo ku kiliniki, koma palibe wololedwa kukakamiza mnzake kudzipima.

Tsiku lopita ku cipatala, kaya ndi ku Mpanshya kaya ndi ku kiliniki ya pafupi, munthu anyamule khadi lake ndi botolo la mapilitsi, ngakhale litatsala lodzala. Namwino akafunsa kuti masiku angati anadumphitsa ndiponso kuti anagona liti wopanda kondomu, sakufuna kumucititsa manyazi. Yankho la mafunso awiriwo ndi limene limamuuza namwinoyo ngati mzere umodzi wa leroli ungakhulupirike, kapena ngati munthuyo ayenera kubweranso patapita mwezi.