Makina afika, nanga owayeza?

Mayi wa ku Dedza akapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kale wofunika kuotchedwa chotupa ndi cheza ankadikira ulendo wa ku India kapena Lusaka, koma mu 2025 boma lidatsekula chipatala cha khansa pomwepo.

Komatu makina paokha sachiza. Pamafunika katswiri wa fizikisi woyeza mlingo wa chezacho, poti chikachepa khansa imaphukanso, chikachuluka chimaononga ziwalo zabwinobwino.

Akatswiriwa ngochepa, n'chifukwa chake bungwe la IAEA lakhala likuthandiza Amalawi kukaphunzira kunja. Wobwereka wa kontirakiti amathandiza, koma tsiku lake likakwana amapita, pomwe mayi uja amafunika cheza masabata pafupifupi 5 osadukiza.