Atate Bii, Amayi Bii, Mwana Mbee: Mlandu wa Magazi Awiri

Pamene mwana wabadwa m'midzi yozungulira Lufita ku Chitipa, m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwaulambya, kumene Alambya, Andali, Asukwa, Anyiha ndi Atumbuka akhala akukwatirana kwa mibadwo yambiri, ntchito yoyamba ya amayi aakulu, atatha kumsambitsa ndi kumfunditsa, ndiyo kumyang'anitsitsa kuti aone kumene wachokera. Wina ati mphumi iyi nja atate ake, wina ati zala izi nza malemu agogo ake, ndipo pakutero amlandira mu mtundu, pakuti kuno mwana ali wa kuchimuna, ndipo ng'ombe za malowolo zidapita kale kukachitira umboni. Koma likafika tsiku lakuti khanda latuluka loyera khungu, la tsitsi lachikasu ndi maso othawa kuwala, nthungululu zimazimira pakhosi, amayi aja amangoyang'anana, ndipo dzuwa lisanalowe mlandu wagwera kale munthu mmodzi yekha, ndiye mtengwa amene ali gone pamphasa, wosapeza ndi mphamvu yomwe yakudziyankhira.

Ena amati adayenda ndi mzungu, ngakhale m'mudzimo mzungu sadapondemo, ena amati adaseka munthu wachialubino ali ndi pakati, kapena adakomana naye panjira osalavula malovu, koma apongozi ake, amene mawu awo ndiwo alemera, amangoti: "Mwana wanga, zimenezi wabwera nazo kwanu, kwathu kuno kulibe zotere." Mawu otsirizawa ndiwo ndifuna kuti tiwazenge, chifukwa apasula mabanja, ndiponso chifukwa ali onama.

Makolo athu sadali mbuli pa nkhani za kumtundu. Asanavomere ukwati ankatuma anthu kukafufuza mbiri ya banja linalo, popeza adaona kuti msinkhu, dazi ndi mpata wa pakati pa mano ziyenda ndi magazi, natisiyira mwambi wakuti make mbuu, mwana mbuu. Chimene chidawazunguza mutu n'chakuti anthu awiri akuda abale mwana woyera, ndipo posowa yankho adalifuna m'maso a mayi woyembekezera, monga adachitira Yakobo poweta zoweta za Labani, pamene adaika ndodo zosendasenda pa zomwera, poyesa kuti chimene make aona ndicho chilembedwa pa chikopa cha mwana.

Yankho lidatulukira m'dimba la nyumba ya ansembe mumzinda wa Brno, m'dziko limene lero litchedwa Czech Republic, kumene wansembe wina wofatsa, Gregor Mendel, kuyambira 1856 kufikira 1863 adali kubzala nsawawa, kuzikwatitsa ndi manja ake, ndi kuwerenga ana ake mmodzimmodzi. Atakwatitsa ya maluwa ofiirira ndi ya maluwa oyera, ana onse adatuluka ofiirira, kotero kuti munthu akadati kuyera kuja kwatheratu. Koma pamene ana amenewo adaberekana okha, pa zidzukulu 929 padapezeka 705 zofiirira ndi 224 zoyera, ndiko kuti pafupifupi chimodzi mwa zinayi. Kuyera sikudafe ayi, kudangobisala mbadwo umodzi. Mendel adasindikiza zimenezi mu 1866, koma dziko silidasamale, ndipo adamwalira mu 1884. Mu 1900 ndi pamene ophunzira ena adazitulukiranso nazindikira kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Mlimi wa ku Lufita sayenera kuwoloka nyanja kuti akaone zimenezi. Yense amene adayesapo kubzala chimanga cha haibulidi chotapa m'nkhokwe, pofuna kupulumutsa ndalama ya mbewu, adziwa kuti munda umene chaka chatha udali wa msinkhu umodzi umatuluka wosiyanasiyana, phesi lina lalitali, lina lalifupi, lina lobereka kachisononkho ka mano ochepa. Zimene zidabisala mwa makolo a mbewuyo zaonekera mwa zidzukulu, ndipo palibe amene amaimba nthaka mlandu wa chigololo.

Thupi la munthu lamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwa selo muli timaulusi 46 totchedwa makromosomu, 23 tochokera kwa atate ndi 23 tochokera kwa amayi, popanda mbali yopambana inzake. Pa timaulusi timeneti pali malangizo pafupifupi 20,000 a kamangidwe ka thupi, amene madokotala awatcha majini, ndipo pafupifupi lililonse munthu ali nalo pawiri, lina la kuchimuna, lina la kuchikazi. Limodzi mwa malangizo amenewa, lotchedwa OCA2, limene likhala pa kromosomu ya nambala 15, lithandiza thupi kupanga utoto wotchedwa melanini, umene udetsa khungu, tsitsi ndi maso, nutchinjiriza thupi ku ukali wa dzuwa. Ndipo mwa anthu a kuno ku Africa, chialubino chochuluka chichokera ku kuwonongeka kwa langizo limeneli. Tsono chinsinsi chake ndi ichi: munthu amene walandira langizo labwino mbali imodzi ndi lowonongeka mbali inayo amakhala wakuda bii monga anzake onse, popeza limodzi labwinolo likwanira kugwira ntchito, ndipo akhoza kukalamba ndi kufa osadziwa chimene wanyamula.

Anthu otere sali ochepa. Mu 1982 akatswiri awiri a ku Johannesburg, Jennifer Kromberg ndi Trefor Jenkins, adapeza kuti ku Soweto munthu mmodzi mwa 3,900 ali wachialubino, ndipo masamu a chiwerengero chotere asonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu 30 anyamula langizo lowonongekalo mobisika. M'dziko lino, m'mene kale tinkayesa kuti anthu achialubino ali pakati pa 7,000 ndi 10,000, kalembera wa 2018 adalemba anthu 134,636. Chifukwa chake, pa tsiku la msika ku Lufita, mwa iwo amene akupima nyemba, akuitanira kabaza, kapena akutsutsana mtengo wa mbuzi, onyamula mbewu imeneyi alipo ndithu, ndipo palibe chizindikiro pamphumi pawo.

Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali njira zinayi. Mwana akhoza kulandira malangizo abwino mbali zonse. Akhoza kulandira labwino kwa atate ndi lowonongeka kwa amayi. Akhoza kulandira lowonongeka kwa atate ndi labwino kwa amayi. Ndipo m'njira zitatu zimenezi abadwa wakuda. Njira yachinayi yokha, pamene walandira lowonongeka kwa atate ndiponso lowonongeka kwa amayi, ndiyo ibala mwana wachialubino. Maere amenewa agwa mwatsopano pa mimba iliyonse, osakumbukira za mimba yapitayo, n'chifukwa chake banja lina libala ana 6 onse akuda, pamene lina libala achialubino awiri otsatizana. Koma chimene ankhoswe ndi mafumu ayenera kuchigwiritsa poweruza n'chakuti mkazi payekha sangathe kubala mwana wachialubino wa mtundu umenewu. Pafunika dzanja la mwamuna. Bambo amene anena kuti kwathu kulibe zotere ali kukana magazi a atate ake kapena a amayi ake omubala, ndipo khungu la mwanayo, m'malo mokhala umboni wa chigololo, lingosonyeza kuti make adambala ndi munthu wonyamula mbewu yomweyo. Ndinene pano mongodutsa kuti mkazi amene anyozedwa chifukwa chobala ana aakazi okhaokha alinso wosalakwa, pakuti kromosomu imene ipangitsa mwana kukhala wamwamuna ichokera kwa atate okha. Ophunzira a Ambuye, poona munthu wosaona chibadwire, adafunanso kudziwa amene adachimwa, ndipo tidziwa tonse kuti sadapatsidwe dzina la wochimwa aliyense.

Masamu omwewa ayankha achinyamata amene afunsa za ukwati. Mnyamata amene wakonda namwali wachialubino, abale ake namuopseza kuti adzadzaza mudzi ndi ana oyera, adziwe kuti ngati iye mwini sadanyamule langizo lowonongeka, ana awo onse adzakhala akuda. Ngati adanyamula, maere ali pakati ndi pakati. Chialubino sichipatsirana pogwirana chanza, podyera mbale imodzi, kapena pogona mphasa imodzi. Ndipo bodza lija lakuti kugona ndi mkazi wachialubino kuchiza Edzi langobweretsa kugwiriridwa ndi kufala kwa kachilombo.

Umbuli womwewo umene uthamangitsa mayi pabanja ndiwo udanola zikwanje. Kuyambira Novembala 2014 dziko lino lidaona anthu achialubino akubedwa, kuphedwa, ndi manda awo kufukulidwa, chifukwa cha chikhulupiriro chakuti mafupa awo ali chizimba cha chuma ndi cha mipando. Pofika Juni 2016 bungwe la Amnesty International lidawerenga anthu osachepera 18 ophedwa. Mu Epulo chaka chomwecho Ikponwosa Ero, nthumwi ya United Nations, amenenso ali wachialubino, adayendera dziko lino nachenjeza boma, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango. Mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wa zaka 22 wa ku Machinga amene adasowa mu Malichi 2018, udaulula kuya kwake kwa chilondachi, pakuti pamene Khoti Lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa mu 2022, pakati pawo padali wansembe, wapolisi, wachipatala, ndi mbale wake weniweni wa malemuyo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komatu fupa la munthu wachialubino lapangidwa ndi kashiamu yemweyo wa fupa langa ndi lanu, lopanda golide kapena mphamvu ina iliyonse. Chimene chisowa mwa iye ndi utoto basi. Kufuna kutukuka n'kwabwino, ndipo sindidzudzula mnyamata amene alota nyumba ya malata. Koma dziko limene anthu ake, ophunzira ndi osaphunzira omwe, akhulupirira kuti chuma chichokera ku zizimba osati ku thukuta, lidzafuna nthawi zonse munthu woti limpereke nsembe.

A ndale adalankhula zambiri, makamaka poyandikira chisankho cha 2019, pamene aliyense adalonjeza kuthetsa kuphanaku, ndipo ena adaloza anzawo chala. Ine ndiona kuti adagwira mbali imene imveka pa wailesi, nasiya mbali imene ipha mwakachetechete, ndiyo dzuwa. Bungwe la United Nations lakhala likunena kuti m'maiko ena a kuno anthu ambiri achialubino amafa ndi khansa ya pakhungu ali pakati pa zaka 30 ndi 40. Ku Chitipa kuno ngoziyi inyenga, chifukwa dziko lili pamwamba, mamita oposa 1,000, ndipo mphepo ya mu Juni ndi Julaye imapangitsa munthu kufuna kuothera dzuwa. Koma cheza chimene chiwononga khungu sichimveka kutentha, chimapyola mitambo yopyapyala, ndipo chikula mphamvu pamene dziko likwera. Yang'anani mwana wachialubino amene waweta ng'ombe chilimwe chonse wopanda chipewa: nsonga za makutu zakhakhala, milomo yang'ambika, kumbuyo kwa khosi kwafiira ndi kukhuthala, ndipo pamasaya pali timawanga takuda tokanda ku chala. Mwa timawanga totere ndimo mumatuluka chilonda chosapola.

Zomtchinjiriza sizili zapatali: chipewa cha mlomo waukulu chophimba makutu ndi khosi, malaya a manja aatali a nsalu yothinana, mafuta oteteza ku dzuwa a mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa, opaka m'mawa ndi kubwereza masana, ndi kumpatsa ntchito za kumunda mbandakucha kapena madzulo, kuti kuyambira 10 koloko kufikira 4 koloko akhale pamthunzi. Kusukulu nako kufunika chifundo chanzeru. Popeza melanini athandizanso pa kukula kwa diso, mwana wachialubino saona bwino patali, maso ake amagwedezeka uku ndi uku, ndipo amawerenga atasendeza buku pafupi ndi mphuno, mutu utapendekeka. Mphunzitsi wosadziwa amamuyesa waulesi kapena wogona m'mutu. Wodziwa amamkhazika kutsogolo, amalemba zilembo zikuluzikulu pa bolodi, amatchula ndi pakamwa zimene akulemba, namlola kuvala chipewa ndi malaya aatali ngakhale yunifolomu inene zina. Magazi adampatsa mwanayo khungu ndi maso, koma nzeru zake sadazikhudze, ndipo kumene adzafike kudalira amene amlera. Overstone Kondowe, amene adatsogolera bungwe la anthu achialubino la APAM pa zaka zoopsa zija, adapambana chisankho chachibwereza ku Nkhotakota North East mu Okutobala 2021, nakhala phungu woyamba wachialubino m'mbiri ya dziko lino.

Kachilonda kakaonedwa msanga, dokotala akhoza kukaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri kapena kukadula, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma kakachedwa, ulendo wake ngwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga ndi mapiri a Chiweta, ndipo mabanja ambiri amayamba agulitsa mbuzi asanakwere galimoto. Chifukwa chake, ofuna mavoti akadzaimanso pabwalo la Lufita ndi zimkuzamawu zawo, nduna za mfumu ndi amayi a mumpingo adzawafunse mwaulemu mafunso awiri: ngati mafuta oteteza ku dzuwa adzapezeka mwezi ndi mwezi pa zipatala zazing'ono za kumidzi, osati pa boma pokha, ndiponso kuti wachipatala wodziwa za khungu adzafika kangati pa chaka kudzaona makutu ndi makosi a ana amenewa.