Kuwedza ndi mbedza: yambani mwadziwa pakamwa pa nsomba

Kodi munakhalapo m'mbali mwa mtsinje kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mbedza ili m'madzi, koma osagwira kanthu? Mnzanu amene wakhala capafupi akungokoka, inu ayi. Pobwerera kumudzi mumayamba kuganiza kuti, "Ameneyu ali ndi mankhwala basi." Nthawi zambiri si mankhwala ayi. Mnzanuyo amadziwa zinthu zitatu: nsomba imene akuifuna, cimene imadya, ndi kukula kwa pakamwa pake.

Kuno ku Fonte Boa tilibe nyanja. Tili ndi timitsinje, madambo ndi maiwe. M'dera lathu la Angónia muli mitsinje monga Mawe ndi Lifidzi, ndipo madzi a kuno amatsikira ku Revubwe, mtsinje umene umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Nsomba zake si zambiri ngati za ku Cahora Bassa. Koma nsomba zouma za pamsika zimafuna ndalama, ndipo munthu wodziwa kuwedza angathe kubweretsa ndiwo pakhomo atangogula mbedza ndi cingwe.

Nsomba iliyonse ndi cakudya cake

Tiyambe ndi mlamba. Mlamba ulibe mamba. Uli ndi ndevu 8 kuzungulira pakamwa, ndipo ndevuzo ndi zimene umafufuzira cakudya. Sudalira maso kwenikweni. N'cifukwa cake umadya bwino usiku ndiponso m'madzi amatope. Umakonda kukhala pansi. Nyambo yake ikhale ya fungo: nyongolotsi zingapo pa mbedza imodzi, matumbo a nkhuku, ciwindi, kapena kacidutswa ka nsomba. Pakamwa pa mlamba ndi papakulu, conco umafuna mbedza yaikulu.

Yaciwiri ndi pende. Pakamwa pake ndi papang'ono. Imadya ndere ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo imadya masana. Ipatseni kanyongolotsi kakang'ono, ngumbi, ciswe, kapena kambamu ka nsima yolimba. Ili ndi mbale wake wofiira pacifuwa, wochedwa cilunguni, amene amadya udzu ndi masamba a m'madzi.

Acitatu ndi matemba. Awa pakamwa pawo ndi ngati kabowo ka mkanda. Mukawaponyera mbedza ya mlamba, amangodya nyambo m'mbali mpaka kuimaliza, inu n'kutulutsa mbedza yokha. Amafuna mbedza yaing'ono kwambiri ndi kanyambo kofanana ndi njere ya mpunga.

Mwaona? Musanaponye mbedza, dzifunseni kuti, "Lero ndikufuna nsomba yanji?"

Werengani nambala ya papaketi

Apa ndi pamene kuwerenga kumene mwaphunzira kukuthandizeni. Mbedza zili ndi manambala, ndipo manambalawo amayenda cobwerera. Nambala ikakhala yaikulu, mbedza imakhala yaing'ono. Mbedza ya nambala 12 ndi yaing'ono kuposa ya nambala 4.

Ine zinandicitikirapo. Ndili mnyamata ndinatuma munthu kuti akandigulire mbedza za mlamba ku Ulongwe. Ndinamuuza kuti, "Mukatenge nambala 12, zazikuluzo." Atabwera, ndinatsegula pepala n'kupeza timbedza tosakwana ndi cikhadabo comwe. Wolakwa sanali iye. Ndinalakwa ndine, cifukwa sindinkadziwa mayendedwe a manambalawo.

Sungani izi. Matemba amafuna nambala 14 kapena 16. Pende imafuna nambala 8, 10 kapena 12. Mlamba wapakati umafuna nambala 4, 2 kapena 1. Mukaona nambala yolembedwa conco, 1/0, 2/0, 3/0, dziwani kuti mwafika pa mbedza zazikulu. Pamenepo manambala amayenda bwinobwino: 3/0 ndi yaikulu kuposa 1/0. Zimenezo ndi za milamba ikuluikulu.

Cingwe ca nayiloni naco cili ndi manambala. Pa cokulungira cake mupeza zilembo izi: mm ndi kg. Nambala ya mm imanena kunenepa kwa cingwe. Nambala ya kg imanena kulemera kumene cingwe cingapirire cisanaduke. Kwa pende ndi matemba, cingwe copyapyala ca 0,20 kapena 0,25 mm n'cokwanira. M'madzi oyera nsomba zimaona cingwe conenepa, n'kucenjera. Kwa mlamba tengani ca 0,35 mpaka 0,50 mm, cifukwa mlamba umakoka mwamphamvu ndipo umathawira m'mizu ya mitengo.

Zina simufunika kugula

Ndodo yowedzera ikhale nsungwi youma bwino, yowongoka, yotalika mamita atatu kapena kuposerapo, yopyapyala kunsonga. Nsonga yofewa imapindika nsomba ikakoka, motero cingwe siciduka msanga.

Mufunikanso coyandama, kanthu kamene kamakhala pamwamba pa madzi n'kukuuzani kuti nsomba yabwera. Kacidutswa ka patapata wakutha kamagwira bwino nchito imeneyi. Phesi louma la cimanga nalonso limayandama. Cikhale cacing'ono, kuti nsomba isamve kulemera ikamakoka nyambo.

Kuti nyambo imire, ikani kolemetsa pamwamba pa mbedza, motalikirana ngati cikhatho cimodzi. Ena amagula timitovu. Kanati kakang'ono ka njinga kamacitanso cimodzimodzi. Ngati mukugwiritsa nchito mtovu, musaufinye ndi mano, cifukwa mtovu ndi woipa m'thupi.

Tsono mfundo. Nsomba zambiri zimapulumuka cifukwa ca mfundo yomasuka. Mangani motere. Lowetsani cingwe pa kabowo ka mbedza. Zungulizani nsonga yake pa cingwe cacikulu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Bwezerani nsongayo pa kampata kamene katsala pafupi ndi kabowo. Nyowetsani ndi malovu, kenaka kokani pang'onopang'ono mpaka ilimbe. Malovuwo amathandiza kuti cingwe cisapse ndi kukhulana. Mukamaliza, yesani nsonga ya mbedza pa cikhadabo. Ikamangotsetsereka osakanda, yabuntha. Inoleni pa mwala.

Nyambo imene si cakudya

Mwina munaonapo m'sitolo za m'tauni tinsomba ta pulasitiki tokhala ndi mbedza kumimba, kapena tizitsulo tonyezimira tooneka ngati supuni. Ina imakhala ngati nyongolotsi ya labala. Mwina munadabwa kuti, "Nsomba ingadye bwanji pulasitiki?"

Nyambo zimenezi anazipangira nsomba zosaka zinzake. Yodziwika kwambiri ndi bass. Nsombayi kwawo ndi ku North America, ndipo anthu ndiwo anaibweretsa kum'mwera kwa Africa. M'dziko lathu imadziwika kwambiri ku damu la Chicamba, pa mtsinje wa Revue m'cigawo ca Manica, kumene asodzi amacita mipikisano yoiwedza. Pakamwa pake ndi papakulu zedi. Imabisala pafupi ndi mitengo yomira, miyala ndi udzu. Kansomba kapena cule akadutsa, imalumpha n'kumeza.

Bass imasaka ndi maso. Ilinso ndi mzere m'mbali mwa thupi, kucokera kumutu mpaka kumcira, umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Mzere umenewu ulipo pa nsomba zambiri. Yang'anani pa pende imene mwagwira, muuona. Conco kanthu konyezimira kakamayenda mopepesuka ngati kansomba kodwala, bass imakathamangira isanaganize.

Apa pali kusiyana kwakukulu. Nyambo ya cakudya mumaiponya n'kudikira. Nyambo yopanga mumaiponya n'kuiyendetsa. Mukaisiya cabe, ndi citsulo basi. Mumaiponya patali, pafupi ndi pobisalira nsomba. Mumaisiya imire pang'ono. Kenaka mumaikoka, n'kuima, n'kukokanso. Nthawi zambiri nsomba imaluma pamene mwaima.

Mungathe kupanga yanu ndi supuni yakale ya tiyi. Dulani cogwirira, boolani tibowo tiwiri, kwina ndi kwina. Kumbuyo mangani mbedza ndi kawaya, kutsogolo mangani cingwe. Kwecani supuniyo ndi phulusa kuti iwale. Ngati mulibe cokulungira ca m'sitolo, kulungani cingwe pa citini kapena pa botolo, n'kuponya ndi dzanja.

Koma ndikuuzeni zoona, kuti musataye ndalama. Pa timitsinje tathu, nyambo yopanga si imene ingakudyetseni. Pende ndi matemba kawirikawiri sizithamangitsa citsulo. Mlamba umailuma mwa apo ndi apo, makamaka madzi akayera. Imagwira nchito kwa nsomba zosaka, monga bass ku Chicamba, kapena ncheni, nsomba ya mano akuthwa ija ya mu Zambezi. Kwa ncheni muyenera kuika kawaya pakati pa nyambo ndi cingwe, apo ayi imadula. Kuno kumapiri, nyongolotsi ya m'dimba mwanu imaposa nyambo ya m'sitolo.

Cinanso. Wina akakupatsani ana a bass kuti muike m'dziwe lanu kapena mumtsinje, kanani. Nsombayi imadya matemba ndi ana a nsomba zina. Ikalowa m'madzi ang'onoang'ono, kuicotsa n'kovuta.

Nthawi ndi malo

Thupi la nsomba limatsata kutentha kwa madzi. Madzi akazizira, nsomba imacita ulesi ndipo imadya pang'ono. Mukudziwa mmene kumazizirira kuno mu Juni ndi Julayi. M'miyezi imeneyo musavutike kulawirira. Pitani masana, dzuwa litafunditsa madzi. Nyengo yotentha, pitani m'mamawa kapena madzulo. Mlamba ndiye wa cisisira ndi usiku.

Musaponye paliponse. Funani pamene madzi othamanga akukumana ndi madzi odekha, pokhota mtsinje pamene pali pozama, pansi pa mtengo wopendekera m'madzi, kapena m'mbali mwa bango. Nsomba zimadikira cakudya m'malo otere.

Yesani kuzama kwa madzi, n'kusuntha coyandama kuti nyambo ikhale pamene pali nsomba. Ya mlamba igone pansi. Ya pende ilendewere pamwamba pang'ono pa matope. Mukakhala nthawi osaona kanthu, sinthani kuzama musanasinthe malo.

Yendani mopepuka pofika, cifukwa nsomba zimamva mapazi pa gombe. Cithunzithunzi canu cisagwere m'madzi. Coyandama cikayamba kuvina, musakoke msanga. Nsomba ikungolawa. Dikirani cimire kapena ciyambe kuyenda, ndiye kokani kamodzi, mwacangu koma osati mwankhanza. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Siyani mbewu m'madzi

Mukatha kukolola, simudya cimanga conse. Mumasunga mbewu. Ndi nsombanso cimodzimodzi.

Pende yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Mukaigwira n'kuona mazira kapena tiana m'kamwamo, ibwezereni m'madzi. Milamba imaikira mazira m'udzu wosefukira madzi mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu. Pa nthawi imeneyo n'kosavuta kuipha ndi zibonga, koma mukapha yonse, caka camawa mudzawedza ciyani?

Ubwino wa mbedza ndi womwewu: imagwira imodzi imodzi, ndipo inu mumasankha. Yaing'ono mumaibweza. Igwireni ndi dzanja lonyowa kuti musaicotse thelezi limene limaiteteza. Katupe sasankha. Neti ya udzudzu sisankha. Zimakokolola makolo, ana ndi mazira omwe. Lamulo la usodzi la dziko la Moçambique la m'caka ca 2013 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba. Neti imene munalandira ndi yotetezera banja ku malungo, ndipo ili ndi mankhwala amene ndi oopsa kwa nsomba.

Inu a madimba a kacewere ndi tomato, musatsukire mpope wopopera mankhwala mumtsinje. Tungani madzi, katsukireni patali ndi gombe. Madzi omwewo ndi amene anzanu a kumunsi amamwa.

Dzisamaleni nanunso

Mlamba uli ndi minga yolimba m'zipsepse za m'mbali mwa mutu. Ugwireni kumbuyo kwa mingayo. Poponya mbedza, yang'anani kaye kumbuyo ngati kulibe mwana. Mbedza ikakulowani kwambiri, musaikoke mokakamiza, cifukwa ili ndi kamnga kobwerera m'mbuyo kamene kamang'amba mnofu. Dulani cingwe, pitani kucipatala, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata.

Musamaime nthawi yaitali m'madzi odekha momwe muli nkhono, cifukwa ndi mmene anthu amatengera likodzo. Mukaona magazi m'mkodzo, pitani kucipatala. Mankhwala ake alipo. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene muli sipanagwe dontho. Mukaona madzi ayamba kufiira ndi kubweretsa zinyalala, tulukani. Ngati mwatsikira ku Zambezi, funsani eni dera za ng'ona musanayandikire gombe.

Yesani izi

Tengani kope lanu. Tsiku lililonse limene mwapita kukawedza, lembani zinthu zisanu: tsiku, malo, nyambo, nambala ya mbedza, ndi nsomba zimene mwagwira. Mwacitsanzo: "12 Novembala. Pa dziwe la kumunsi. Nyongolotsi. Nambala 2. Milamba iwiri." Lembaninso tsiku limene mwabwera cimanjamanja. Pakatha miyezi itatu, werengani zonse kuyambira pamwamba. Mudzaona nokha malo, nthawi ndi nyambo zimene zimakupatsani ndiwo. Mukabwera ku kalasi, bweretsani kopelo kuti anzanu awerengeko.